Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ntchito ya m'sakristiya pa usiku wa Pasaka

Gawo lapitali tinalekezera pa Lachisanu Loyera, akhristu atalemekeza mtanda, guwa lili lopanda nsalu, tabernakulo (kabokosi kosungira Ukaristia) ili pululu. Pa zaka zomwe ndinatumikira m'sakristiya, chipinda chosungira zovala ndi ziwiya za Misa, tsiku lothetsa mankhalu linali lotsatira lake, Loweruka Loyera. Masana ake kulibe Misa, tchalitchi chimangoti zii, koma mwambo wa usikuwo umakoma kapena kuwonongeka masana omwewo, malinga ndi zomwe wa m'sakristiya wakonza.

Choyamba ndi nthawi. Lamulo la Mpingo ndi lakuti mwambowu uyambe kutada, uthe kusanache. Kale unkachitika Loweruka m'mawa, kandulo n'kumayaka dzuwa lili pamutu, mpaka Papa Pius XII anaubwezera usiku mu 1951 ndi kuukhazikitsa mu 1955. Kuno kwathu, mu Marichi ndi Epulo dzuwa limalowa cha m'ma 6 koloko. Pamakhala mtima wofuna kuyamba 5 koloko poganizira akhristu ochokera kutali, ndipo nkhawa yawo ndi yomveka, koma moto woyatsa kukuwala sunena kanthu kwa aliyense. Ine ndimati 7 koloko, ndipo miphakati ipangane zoyendera limodzi pobwerera.

Moto watsopano umasonkhedwa panja. Mvula imakhala isanatheretu, choncho nkhuni zisungidwe m'nyumba kuyambira pakati pa Lenti, pamodzi ndi zitsononkho zouma zoyatsira. Parafini ayi: amanunkha, ndiponso amalilima mwadzidzidzi pafupi ndi zovala za ansembe. Motowo uyatsidwe kudakali mphindi 30, chifukwa makala a m'chofukizira lubani amatengedwa pomwepo, ndipo nkhuni zongoyaka kumene sizikhala ndi makala. Pakhale chopanira makala, kandulo yaing'ono yotengera moto, ndi tochi imodzi younikira buku la Misa. Onaninso kumene mphepo ikuchokera, kuti utsi usalunjike kumaso kwa bambo mfumu pamene akudalitsa.

Tsono kandulo ya Pasaka. Kalata ya ku Roma ya 1988 yonena za zikondwerero za Pasaka imati ikhale ya phula lenileni, imodzi yokha, yaikulu bwino, ndiponso yatsopano chaka chilichonse. Zomata manambala atsopano pa kandulo yotsala chaka chatha n'zosayenera, ngakhale thumba la parishi litapepuka. Pa kanduloyo pamakhala mtanda, chilembo cha Chigriki cha Alefa pamwamba, cha Omega pansi, ndi manambala anayi a chaka m'ngodya za mtandawo. Njere zisanu za lubani, zokumbutsa mabala a Ambuye, zimalowa motere: pamwamba, pakati, pansi, kumanzere, kumanja. Mabowo ake aboweretu masana ndi msomali wotentha. Msomali wozizira umang'amba phula, ndipo wansembe akamakankha njere pamalo posaboola, mumdima, imagwa m'fumbi osapezekanso. Chingwe chatsopano chimavuta kugwira moto, ndiye chiyatseni kamphindi m'sakristiya n'kuchizimitsa. Yeseraninso choimikapo chake. Kandulo yochepa pa bowo lalikulu imapendama, phula n'kumadonthera mbali imodzi mpaka kudyeka. Kulunga pepala kumunsi kwake kumathetsa vutolo.

Polowa m'tchalitchi amatsogola wa lubani, kenako wonyamula kandulo, amene amaima katatu n'kuimba kuti Khristu ndiye kuwala: pakhomo, pakati pa tchalitchi, ndi patsogolo pa guwa. Pakhomo amayatsa kandulo yake ndi wansembe yekha. Anthu onse amayatsa pa kuima kwachiwiri, ndipo apa ndi pomwe zimasokonekera. Wina akangotulutsa machesi m'thumba, mzere wonse wakumbuyo umayaka ndi moto wake, pamene tanthauzo lake n'lakuti moto wa aliyense uchokere pa kandulo ya Pasaka. Akatekisiti alengeze zimenezi anthu adakali panja, anenenso za matochi a m'mafoni. Otumikira anayi kapena asanu ndi mmodzi agawane mizere, ndipo munthu mmodzi wodalirika aime pa switchi kuti magetsi akhale ozima mpaka nthawi yake, babu la pakhonde osaliiwala. Makandulo a anthu akhale ndi kapepala kolimba kotchinga phula, apo ayi Lolemba mudzakhala mukupala mabenchi ndi mpeni, amayi akudandaula zitenje zawo za Pasaka.

Ukatha mthokozo wa Pasaka, womwe umaimbidwa kandulo itafika kuguwa, anthu amazimitsa makandulo n'kukhala pansi. Mawerengo onse ndi 9: asanu ndi awiri a Chipangano Chakale, kalata ya kwa Aroma mutu 6, ndi Mthenga Wabwino. N'zololedwa kuchepetsa a Chipangano Chakale mpaka atatu, koma Eksodo 14, kuwoloka Nyanja Yofiira, sasiyidwa zivute zitani. Wa m'sakristiya adziwe masana omwe kuti awerengedwa ati, aike zizindikiro m'buku, auzenso kwaya, poti kuwerenga kulikonse kuli ndi salimo lake ndi pemphero lake. Kwaya ikaimba salimo la Yesaya pamene wowerenga wangomaliza nkhani ya Abrahamu ndi Isaki, dziwani kuti sanakumane.

Makandulo a pa guwa sayatsidwa mpaka nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu. Mabelu, omwe anakhala chete kuyambira Lachinayi Loyera, amalira pamenepo, ng'oma ndi nthungululu n'kulowerera. Otumikira awiri akhale ataima kale ndi moto wotenga pa kandulo ya Pasaka, chifukwa phokoso likabuka palibe amene angamve mnzake.

Ubatizo ndiwo umadya nthawi. Madzi atungidwe masana, oyera, okwanira obatizidwa ndi owaza mpingo wonse, kuphatikizapo omwe akhristu adzafune kutengera kunyumba m'mabotolo. Beseni lolandirira madzi ndi matawulo angapo zikhale pafupi, simenti yonyowa imagwetsa agogo. Mafuta a Krisma akhale atsopano, omwe aepiskopi adalitsa pa Misa ya Mafuta sabata yomweyo, akale amawotchedwa. Akuluakulu omwe akhala akuphunzira za ubatizo (akatekumeni) amalandira ubatizo, ulimbitso ndi Ukaristia usiku womwewo, choncho mndandanda wa mayina ukhale m'manja mwa akatekisiti, ndipo anthuwo akhale pa benchi motsatira mndandandawo, aliyense ndi kholo lake la ubatizo, nsalu yoyera ndi kandulo. Podalitsa madzi wansembe angathe kuviika kandulo ya Pasaka kamodzi kapena katatu. Wotumikira wamphamvu athandize kuigwira, wina aipukute isanabwerere pamalo pake. Wansembe akatha kudzoza, madzi okha sachotsa mafuta ku zala. Pafunika thonje, kagawo ka ndimu ndi sopo, ndipo thonjelo limawotchedwa, silitayidwa kudzala.

Chomwe ambiri amaiwala n'chakuti tabernakulo ilibe kanthu. Onse olandira usikuwo amadalira okaristia okonzedwa pa Misa yomweyo, ndipo pa Pasaka amabwera ngakhale aja timawaona kamodzi pachaka. Tengani chiwerengero cha Lamulungu wamba, muwonjezere theka lake, muphatikize obatizidwa kumene. Kiyi wa tabernakulo akhale pa guwa, ndipo nyali yake iyatsidwe Ukaristia ukabwezedwamo.

Anthu akabalalika, wina akathire madzi pa moto wa panja. Kandulo ya Pasaka imakhala pafupi ndi powerengera kapena guwa masiku 50, kuyaka pa Misa mpaka Pentekoste, kenako imasamukira pobatizira, n'kumatulutsidwa pa ubatizo ndi pa Misa za maliro. Za malirozo, ndi zomwe wa m'sakristiya amakonza uthenga ukafika usiku, tidzakamba m'gawo 10.