Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: tsiku lomwe ndinawaveka velo

Gawo lapitali ndinasiyira pa geti paja, nditanyamula chikwama changa, asisitere otiyang'anira ife ofuna kulowa chipani cha usisitere atandiuza kuti mwana wanga, Mulungu akukuitana ndithu koma osati kuno. Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti nanga zinatheka bwanji kuti lero muzindiona ndili pikitipikiti kwa asisitere komweko, ndiye khalani pansi ndikuuzeni.

Zaka 14 zinadutsa ndisanapondekonso. Popita ku tchalitchi ndinkachita kuzungulira njira ina kuti ndisaone geti lija. Ndinakwatiwa, Mulungu anatipatsa ana atatu, mashini anga osokera ali pakhonde, moyo nkumayenda. Misa sindinasiye, kolona sindinasiye, koma mawu aja anali ngati munga wothyokera m'phazi, poyenda sumva kanthu koma ukangoponda pamwala basi wakumbuka.

Chinandibwezerako ndi kusoka komweku. Sisitere wina wachitsikana, amene mbiri yanga sankaidziwa nkomwe, anabwera ndi zovala zawo zoti ndikonze mipendero, ndiye tikucheza anandiuza kuti chipani chawo chayamba gulu la akhristu eni ake ofuna kuyenda limodzi ndi asisitere pa mapemphero ndi pa ntchito, amuna ndi akazi omwe, apabanja ndi osakwatira omwe, ife timangoti ma associate. Anati bwerani Loweruka mudzangomvera. Ndinati ndiona. Usiku umenewo sindinagone.

Amuna anga nditawauza anangoti phee kanthawi, kenako anati mayi, ndiye kuti usisitere uja sunakuchokeni mumtima eti? Ndinakana mwamphamvu, koma funso lija linali lolunjika ndipo iwo anaona chomwe ine sindinkafuna kuchiona.

Apa ndifotokoze pang'ono chifukwa anthu amasokoneza kwambiri, ena amaganiza kuti ndife asisitere osavala yunifomu. Ayi ndithu. Asisitere amachita malumbiro atatu pamaso pa Mpingo, umphawi, kudzisunga ndi kumvera, poyamba a zaka zowerengeka kenako osatha, ndipo malipiro awo amapita ku chipani, kokagwira ntchito amachita kutumidwa, sasankha okha. Ife malumbiro amenewo sitichita. Timachita lonjezo, m'gulu lathu ndi la chaka chimodzi ndipo ukafuna umalibwereza, timakhala m'makomo mwathu, ndalama zathu ndi zathu, chipani sichitilipira komanso pa msonkhano wawo waukulu wosankha atsogoleri sitivota. Chomwe timagawana nawo ndi mzimu wa chipani, kapempheredwe kawo ndi anthu omwe iwo anadzipereka kuwatumikira.

Maphunziro athu anatenga chaka ndi theka, Loweruka limodzi pa mwezi, tinalipo anthu 11, aphunzitsi angapo, anamwino ena opuma pa ntchito, azibambo awiri mmodzi wa iwo dalaivala. Asisitere otiphunzitsa anayambira pa Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican uja unayamba 1962 nkutha 1965, makamaka chikalata cha Lumen Gentium cha 1964 chomwe chimanena poyera kuti kuitanidwa ku chiyero ndi kwa obatizidwa onse, osati ansembe ndi asisitere okha. Anatiwerengeranso mbali ina ya Vita Consecrata, kalata ya Papa John Paul II ya 1996, pomwe amavomereza kuti zipani zikhoza kugawana mphatso yawo ndi akhristu eni ake. Ndinkalemba zonse m'kope koma mumtima ndinkati awa ndi mawu otitonthoza chabe, ine ndapatsidwa chipepeso poti chenichenicho ndinachilephera.

Ndiye miyezi yoyamba ija ntchito zomwe tinkapatsidwa zinali kusesa m'chapelo, kuchapa nsalu za pa guwa, kukonza mipando pakakhala mwambo. Tsiku lina zinandikwana ndipo ndinafunsa pamaso pa onse kuti asisitere, kodi ife ndife anzanu kapena antchito anu aulere? Mpaka pano funso limenelo sindinong'oneza nalo bondo, chifukwa gulu ngati lathuli likapanda kusamala limathera pomwepo, asisitere akulamula ife tikuthamanga, pemphero limodzi osachitira pamodzi. Asisitere aja sanakwiye. Anavomera kuti mbali ina ndikunena zoona, kenako anatifotokozera nkhani ya Vincent de Paul woyera. Mu 1617 ali wansembe ku Châtillon m'dziko la France, akukonzekera Misa ya Lamulungu, anauzidwa za banja lina lomwe onse anali chigonere ndi matenda popanda wosamalira mnzake. Anazinena mu ulaliki, ndipo masana popita kukawaona anakumana ndi anthu ambirimbiri m'njira, ena akupita ena akubwerako, onse ndi thandizo. Iye anaona kuti chikondi chilipo chambiri koma chonse chabwera tsiku limodzi, masiku otsatira banja lija likhalanso lokha, ndiye anasonkhanitsa amayi a m'deramo nkugwirizana kuti aliyense akhale ndi tsiku lake losamalira odwala. Chipani cha asisitere cha Daughters of Charity, chomwe anayambitsa pamodzi ndi Louise de Marillac, chinabwera mu 1633, patapita zaka 16. Ndiye anatifunsa kuti pamenepa anayamba ndani, asisitere kapena amayi apabanja? Palibe anayankha. Ine nkhani ya aliyense tsiku lake ija inandikhala m'mutu.

Sipanapite miyezi iwiri, uthenga unabwera pa gulupu yathu ya WhatsApp kuti asisitere ena achikulire agwidwa sitiroko, atuluka m'chipatala koma dzanja ndi mwendo wa kumanja zafa, kuyankhula kwavuta, ndipo m'nyumbamo asisitere otsala ndi anayi okha, awiri amaphunzitsa tsiku lonse. Nditaona dzina foni inatsala pang'ono kundipulumuka. Anali omwe aja anandiperekeza pa geti.

Tinapanga ndandanda, ine linandigwera Lachitatu kuyambira 3 koloko masana mpaka m'mawa. Anamwino opuma aja anatiphunzitsa zonse tsiku limodzi, kuti wodwala wosatha kudzitembenuza uzimutembenuza maola awiri aliwonse kuopa zilonda za pabedi, uziyang'ana zidendene, m'chiuno ndi kumsana kumunsi ngati khungu layamba kusintha mtundu, nsalu yogonera ikhale youma komanso yopanda makwinya, powadyetsa akhale tsonga ndipo uzipita pang'onopang'ono chifukwa kumeza kumavuta atha kutsamwa. Powaveka uyambe dzanja lakufalo, powavula uyambe lamoyo. Zimenezi ndinazigwira msanga, manja anga anazolowera nsalu. Chomwe panalibe wondiphunzitsa ndi momwe ungalowere m'chipinda cha munthu amene wakhala ukumusungira mawu zaka 14.

Ndinalowa. Anali atachepa abale, mayi uja tinkamuopa akamayenda m'khonde makiyi akulira m'thumba, tsopano ali pa kabedi kakang'ono, tsitsi loyera mbuu lodulidwa lalifupi, lomwe pa miyezi yonse ndinakhala nawo kale sindinalionepo ngakhale kamodzi. Ndinati asisitere, mwaswera bwanji, ndabwera kudzakhala nanu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, pakamwa pakugwedera koma mawu osatuluka, kenako anakweza dzanja la kumanzere nkumagwira kumutu, kugwira kumutu, maso ali ku chitseko. Ndinaganiza kuti mutu ukuwawa, ndinabweretsa madzi, anakana. Ndinakonza pilo, anakana, mpaka misozi inayamba kulengeza m'maso mwawo chifukwa cha kusamvana kwathu. Ndipamene ndinaona velo itapachikidwa pa msomali kuseri kwa chitseko.

Ndinaitenga. Pepani, apa ndilemba pang'onopang'ono chifukwa ngakhale lero zimandigwirabe. Nsalu imene ija ndinkailota ndili mtsikana, ndinkaima pagalasi nkumayesa ndi thawulo kuti idzandikhala bwanji, ndipo munthu amene anandiuza kuti sindidzaivala ndi yemweyu ndikumuveka. Ndinawadzutsa nkuwatsamiritsa pa chifuwa panga, ndinayamba ndi kansalu koyera ka pachipumi kenako velo, manja akunjenjemera mpaka inapendekeka, iwo ndi dzanja limodzi lija anaikoka pang'ono mbali ya kumanzere kuti ilunjike, monga ankatikonzera makolala athu kale. Atatero anapumira m'mwamba nkukhazikika, nkhope inasintha, anabwerera kukhala iwo.

Cha m'ma 6 koloko asisitere ena aja analowa m'chapelo kuchita mapemphero a madzulo, chipinda chinali pafupi ndiye zonse zinkamveka. Masalimo anadutsa iwo ali chete. Koma atangoyamba nyimbo ya Amayi Maria ija ya pa Luka 1, yomwe imaimbidwa madzulo aliwonse, ndinangomva pambali panga mawu, moyo wanga ulemekeza Ambuye, bwinobwino, liwu ndi liwu mpaka pa Ulemu kwa Atate, munthu amene masana onse analephera kunena kuti velo. Anamwino aja anadzandiuza pambuyo pake kuti zimachitika kwa odwala sitiroko ambiri, mawu oti apange okha amasowa koma nyimbo ndi mapemphero omwe akhala akubwereza moyo wawo wonse amatuluka. Ndikuvomereza zimenezo, koma ine ndinali pomwepo ndipo ndinagwada pansi nkuimba nawo ndikulira. Usiku ndikuwatembenuza ka 2 koloko anandigwira mkono nkutchula dzina langa la ubatizo, lomwe kunyumba palibe amandiitana nalo. Liwu limodzi lokhalo basi.

Kuchokera tsiku limenelo ndinapitirira muyeso, ndinene chilungamo. Lachitatu lokha silinandikwane, ndinayamba kupita Lolemba, Lachisanu, wina akalephera shifiti ndine, zosoka za makasitomala zikuunjikana, ana akubwera ku sukulu osandipeza. Amuna anga sanakalipe, anangochepetsa zoyankhula, ndipo amene ali pabanja akudziwa kuti kumeneko ndiye kukalipa kwenikweni. Usiku wina mwana wathu wamng'ono anatentha thupi kwambiri, bambo ake anandiimbira, ine ndinati mupatseni mankhwala ndibwera m'mawa poti kuno kulibe wina. Amayi aakulu a nyumbayo anamva ndikuyankhula pa foni m'khonde. Anabwera atavala juzi pamwamba pa zogonera nkundiuza kuti mayi, tengani chikwama chanu. Ndinati nanga asisitere akhala ndi ndani, anati akhala ndi ine, ndi m'bale wanga, ine ndinalumbira kukhala naye mpaka imfa. Inu malumbiro anu munachita pa guwa ndi bambo amene akuimbayo, ndipo ife sitinakuitaneni kuno kuti muwaswe.

Anaimbira dalaivala wa m'gulu lathu uja kuti adzanditenge. M'galimoto ndinkangolira, poti aka kanali kachiwiri kutulutsidwa pa geti lomwe lija, koma ulendo uno ndinamva zomwe ndili ndi zaka 21 sindinathe kumva. Asisitere achikulire aja sanandinyoze tsiku lija, anaona bwino. Ndinafika kunyumba nkupeza amuna anga atakhala pamphepete pa bedi akumupukuta mwana ndi kansalu konyowa, anandiyang'ana osanena kanthu nkundisunthira malo. M'mawa tinapita naye ku chipatala limodzi, ndipo tili pa mzere ndinawapepesa, ndinawauzanso kuti funso lawo lija anafunsa zoona.

Nchifukwa chake masiku ano akabwera atsopano m'gulu ndimawafunsa kaye kuti kunyumba akudziwa kuti muli kuno, ndipo akuti bwanji? Ndaonapo anthu akuthawira kwa asisitere chifukwa kunyumba kwavuta, kumeneko kuli bata, maluwa, belu likulira pa nthawi yake, ndiye umadzimva woyera pomwe ana ako sanakuone masiku atatu. Ine ndinadutsamo ndipo sindifuna wina adutsemo. Ndinabwerera ku Lachitatu langa limodzi, ndipo ndinaona kuti masiku enawo anzanga ankawasamalira bwino lomwe asisitere odwala aja, mwina kuposa ine, aphunzitsi ena ankawawerengera Mthenga Wabwino wa tsikulo, azibambo aja ndiwo ankawanyamula kuwaika pa wilitcheya kuti akaothere dzuwa.

Tsiku la lonjezo lathu linali Loweruka, pa Misa ya m'chapelo mwawo momwe. Mwa anthu 11 tinatsala 9. Ndinalawirira kuti ndikasambitse asisitere achikulire aja ndi kuwaveka, ndinali nditawasokera velo yatsopano yokhala ndi kalamba kofewa kumbuyo kuti isamawapweteke akatsamira, ndipo ulendo uno sanaikonze, anangoigwira nkusiya. Anawaika kutsogolo pafupi ndi guwa. Itakwana nthawi tinaima mmodzimmodzi kuwerenga lonjezo, kuti kwa chaka chimodzi ndidzapemphera tsiku ndi tsiku pamodzi ndi chipani, ndidzasonkhana ndi anzanga mwezi uliwonse, ndidzatumikira odwala ndi osauka monga momwe udindo wanga wa pabanja ukundilolera. Mawu omalizawo ndinawawerenga ndikuyang'ana amuna anga, anali pa benchi yachiwiri ndi ana onse atatu, wamng'ono uja akugwedeza miyendo. Ndinasaina m'buku, amayi aakulu anandipatsa kamtanda kakang'ono ka chingwe chakuda, koma m'malo mondiveka okha anakapereka m'dzanja la kumanzere la asisitere achikulire aja, ine nkuwerama mpaka mutu wanga unafika pa mawondo awo. Zinatenga nthawi, chingwe chinakodwa pa khutu, tchalitchi chonse chili chete kudikira, mpaka chinalowa.

Anakhala nafe miyezi ina 8. Za imfa yawo, komanso za chaka chomwe ndinakana kubwereza lonjezo langa, ndidzafotokoza mu gawo 8.