Momwe tinayendera ndi mnyamata wathu pa mpira wa ku America

Mnyamata wathu anafika kuno ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, atangomaliza Fomu 1 ku Malawi. Mpira umene ankaudziwa unali wamiyendo basi. Aphunzitsi a masewera ku sekondale atamuona thupi ndi liwiro, anamuveka chisoti n'kumuika pamalo otchedwa linebacker. Amayi anzanga kutchalitchi amandifunsa kawirikawiri kuti zinatheka bwanji mwana kumaliza yunivesite osalipira fizi, ndipo yankho lake silitheka titaimirira pakhomo, ndiye ndati ndilembe.

Timu ikamateteza imakhala ndi anthu 11. Kutsogolo kumaima zimphona zitatu kapena zinayi, kumbuyo kwenikweni kuli anyamata aliwiro, ndipo ma linebacker amakhala pakati pawo. Wapakati amamutcha Mike, a m'mbali ndi Sam ndi Will. Wathu anali Mike. Iye ndiye amaona momwe timu inayo yaimira, n'kufuulira anzake zochita, kenako kuthamangira kukagwetsa wonyamula mpira kapena kubwerera m'mbuyo kukatchinga mpira woponyedwa. Kugundana n'kwa nthawi zonse. Ine ntchito yanga ndi yosamalira odwala, choncho nkhani ya mutu ndinaiopa kuyambira tsiku loyamba, ndipo mpaka lero ndimaiopa. Lamulo la ku Indiana limati wophunzira akaganiziridwa kuti ubongo wagwedezeka atuluke m'bwalo, asabwereremo mpaka wachipatala atalemba kalata. Bambo ake ndi ine tinamuuza kuti akadzabisa chizungulire ngakhale kamodzi, mpira watha.

Chimene chimagwetsa ana ambiri obwera kuchokera kwathu si mpira ayi, ndi mapepala. Masewera a m'mayunivesite akuluakulu amayendetsedwa ndi bungwe la NCAA, ndipo mwana amayenera kulembetsa pa intaneti ku ofesi yawo ya Eligibility Center. Kuti aloledwe kusewera mu Division I, gawo lapamwamba la masewerawa, amafunika maphunziro 16 ovomerezeka: zaka zinayi za Chingerezi, zitatu za masamu, ziwiri za sayansi, ziwiri za maphunziro a chikhalidwe cha anthu, ndi ena owonjezera. Khumi mwa amenewa akhale atatha asanayambe chaka chomaliza, ndipo GPA yake, yomwe ndi avereji ya magiredi, isatsike pa 2.3. Ku Division II amalola 2.2.

Apa mvetsetsani, makolo anzanga. Iwo amayamba kuwerenga pa chaka chachisanu ndi chinayi cha sukulu, ndipo kwa mwana amene anadutsa Sitandade 1 mpaka 8, chaka chimenecho ndi Fomu 1. Ndiye malipoti a ku Malawi aja, amene tinkayesa kuti ntchito yake inatha, anafunika. Achimwene anga anachita kukwera minibasi kupita kusukuluko, kudikira ahedi, kuonetsetsa kuti pepala lililonse lili ndi chidindo ndi siginecha. Zinatenga miyezi. Ngati mwana wanu akadali ku Malawi ndipo mukukonza zomuitanitsa, malipoti a teremu iliyonse atengeni asanakwere ndege.

China ndi makalasi a Chingerezi cha ana obwera. Mwana wathu anamuikamo chaka choyamba, ngakhale ankayankhula bwino, ndipo si onse mwa makalasi amenewa amene NCAA imawawerengera. Sukulu iliyonse ili ndi mndandanda wa maphunziro ovomerezeka pa tsamba la NCAA. Ndinausindikiza, n'kupita nawo kwa mlangizi wa ophunzira, tinakhala pansi n'kumaona phunziro limodzilimodzi. Zoperewerazo anazikwaniritsa pa tchuthi cha chilimwe anzake akupuma. Mayeso olowera ku yunivesite a SAT ndi ACT, NCAA inawachotsa mu 2023, koma mayunivesite ena amawafunabe pawokha.

Kuti makochi amudziwe, zimayendera kanema. Masewera a sekondale amajambulidwa n'kuikidwa pa Hudl, mwana n'kusankhamo malo amene anachita bwino. Kochi wake anatilangiza kuti kakhale kakafupi, zabwino kwambiri zikhale koyambirira, ndipo kasamangoonetsa kugunda kwamphamvu. Pa linebacker amafuna kuona phazi loyamba likupita kolondola, ndiponso ngati angathe kuthamanga limodzi ndi wolandira mpira. Mwezi wa Juni mayunivesite amachititsa makampu olipira, ndipo ndalama zikhoza kuthera pomwepo. Ife tinkapita kokhako kumene kochi anali atayankha kale kalata yake. Anthu amene amaimba foni kuti muwalipire akupezereni sukulu sitinawapatse kalikonse, pakuti makalata amenewo mwana akhoza kulemba yekha.

Yunivesite ya Notre Dame ili pompano, ndipo mwana aliyense wa mumzinda uno amalota chisoti chagolide chija. Wathu ankatsatira kwambiri Jeremiah Owusu-Koramoah, wa makolo a ku Ghana mbali imodzi, amene akusewera ku Notre Dame analandira Butkus Award, mphoto ya linebacker wopambana, mu 2020 n'kutengedwa ndi timu ya Cleveland Browns chaka chotsatira. Koma sukulu zotere zimasankha m'dziko lonse. Kwa ife kunabwera zinthu ziwiri. Yunivesite ina yaikulu inati abwere ngati walk-on, kutanthauza kuti malo mu timu alipo koma fizi tilipira tokha. Ina yaing'ono, ya FCS, gawo lotsikirapo la Division I, inalonjeza sikolashipu. Mwana mtima unali kwa yaikuluyo. Tinakambirana mpaka usiku, ndipo ine sindinabise maganizo anga: ngongole ya zaka zinayi chifukwa cha dzina la sukulu sindinaione nzeru.

Lonjezo la pakamwa la kochi lili ngati chibwenzi chimene ankhoswe sanachimve, mawa likhoza kutha popanda wofunsa. Chenicheni ndi pepala losainidwa, ndipo kusaina kumachitika mu Disembala kapena mu Febuluwale. Pa ulendo umene sukulu inatiitana n'kutilipirira, ndinapita ndi mafunso olemba. Kodi sikolashipuyi ndi yonse kapena gawo, pakuti ku FCS amatha kuigawa kwa ana angapo? Kodi ndi ya chaka chimodzi chokha? Akavulala bondo, ipitirira? Phunziro limene akufuna likugwirizana ndi nthawi ya maphunziro a mpira? Funso lomalizali ndinafunsanso anyamata a mu timu makochi palibe. Dziwaninso kuti ku Division III kulibe sikolashipu ya masewera, thandizo limabwera chifukwa cha kukhoza m'kalasi kapena kusowa kwa banja.

Asanayambe, a kuyunivesite anafuna umboni woti anayezedwa magazi ngati ali ndi chibadwa cha sickle cell. Lamuloli linakhazikitsidwa mu Division I mu 2010, pambuyo pa imfa ya Dale Lloyd II wa ku Rice University, amene anakomoka pa maphunziro olimbitsa thupi mu 2006. Ana obadwira kuno amayezedwa ali makanda, wathu analibe pepala lotere. Atamuyeza anapezeka kuti ali nacho chibadwacho, osati matenda enieniwo. Usiku umenewo sindinagone. Chibadwachi sichiletsa kusewera, koma munthu wotere akathamangitsidwa mopitirira osapuma, makamaka kukatentha, akusowa madzi m'thupi kapena ali kumalo okwera, minofu imatha kuyamba kuwonongeka mwadzidzidzi. Ndinaimbira ndekha woyang'anira zaumoyo wa timu, tinagwirizana kuti aziyamba pang'onopang'ono, ndipo miyendo ikangolemera modabwitsa aime, wina asamunene ulesi. Mwanayo ndinamuuza kuti pa nkhani iyi yokha asaope kochi aliyense. Kwa ife a ku Africa kuyezetsa kumeneku musakutenge ngati mwambo chabe.

Za kuyunivesite ndidutsa mwachangu. Chaka choyamba sanasewere kwenikweni, anachitcha redshirt, poti malamulo ankapereka zaka zisanu zoti useweremo nyengo zinayi. Kenako anayamba kulowa pa nthawi yomenya mpira ndi phazi, imene amati special teams, ndipo kumeneko ndi kumene linebacker wachinyamata amaonetsera kuti ndi wodalirika. Kuyambira 2021 osewera amaloledwa kulandira ndalama potsatsa malonda ndi dzina lawo, koma amene ali pa viza ya ophunzira ya F-1 afunse kaye ku ofesi ya ophunzira akunja, angadziwonongere mapepala. Anzake ena anasamukira kumayunivesite ena kudzera mu transfer portal, mndandanda wa osewera ofuna kusintha sukulu. Iye anakhala, anakhala Mike wa timu, ndipo digiri anaitenga.

Khomo la NFL, ligi yaikulu ya akatswiri, ndi lopapatiza. Mwa osewera a m'mayunivesite, osakwana awiri pa 100 alionse ndiwo amasankhidwa. Matimu ndi 32, kusankha kumachitika mu Epulo m'magawo asanu ndi awiri. Odziwika amaitanidwa kukayezedwa ku Combine ku Indianapolis, a sukulu zazing'ono amayezedwa pa tsiku lotchedwa pro day: kuthamanga mayadi 40, kudumpha, kukankha chitsulo cha mapaundi 225, omwe ndi makilogalamu 102. Ejenti akhale wovomerezedwa ndi bungwe la osewera la NFLPA, ndipo saloledwa kudula zoposa 3 peresenti ya kontrakiti. Dzina la wathu silinatchulidwe. Timu ina inamuitana kukayesedwa ku kampu ya atsopano mu Meyi, anabwerako wopanda kontrakiti. Ngakhale akanasaina, mwa anthu 90 a mu kampu amatsala 53 kumapeto kwa Ogasiti, ena ochepa n'kusungidwa pa gulu lothandiza pokonzekera.

Iye amakonda kutikumbutsa za London Fletcher, amene anachokera ku John Carroll University ya Division III, sanasankhidwe mu 1998, koma anasewera nyengo 16 osaphonya masewera. N'zoona, ndipo sindimutsutsa. Panopa akugwira ntchito ya digiri yake, m'mamawa amakalimbitsa thupi, ejenti akutumiza makanema ku UFL, ligi ina ya kuno ku America, ndi ku ligi ya ku Canada. Ku Canadako amasewera anthu 12, bwalo ndi lalikulu, mwayi wosuntha mpira ndi katatu osati kanayi, motero amafuna linebacker wopepuka ndi waliwiro, ndipo wayamba kuchepetsa thupi. Timu iliyonse imene yaonetsa chidwi imayamba yafunsa mbiri ya kuvulala, ndiye asanachoke kuyunivesite ndinamutuma akatenge mapepala ake onse a kuchipatala, zithunzi za phewa ndi zotsatira za magazi zija. Zili mu envulopu imodzi ndi pasipoti yake.