Kulekanitsa masiginolo awiri a pa 433 MHz ndi ma antena asanu

Masensa awiri a m'matanki a madzi kwathu ku Chelston, mu Lusaka, amatumiza uthenga pa 433 MHz, ndipo akatumiza nthawi imodzi, antena imodzi imangolandira chisokonezo. Fyuluta siingathandize chifukwa onse ali pa frequency imodzi. Chowasiyanitsa ndi mbali imene akuchokera basi.

Ndinatenga KrakenSDR, wailesi yolumikiza ku kompyuta, yomwe ili ndi ma receiver asanu oyendera wotchi imodzi, ma antena n'kuwandandalika mumzere pa thabwa. Funde la 433 MHz limatalika pafupifupi masentimita 69, ndiye mpata wa pakati pa ma antena usapitirire theka la pamenepo. Ine ndinaika 34. Mukatalikitsa, kompyuta imayamba kuloza mbali zabodza.

Pa mawaya m'pomwe ndinachedwa. Chipangizochi chimalinganiza chokha ma receiver ake ndi noise source (kachipangizo kotulutsa phokoso loyesera) ya mkati, koma za mawaya anu akunja sichidziwa. Mu coax (waya wa antena) wamba funde limafupika kufika masentimita 46, choncho waya wotalika ndi sentimita imodzi yokha wasokoneza phase (pamene funde lafika pa kuzungulira kwake) ndi madigiri pafupifupi 8. Onse asanu ndinawayeza ndi tepi mosamala kuti akhale ofanana kutalika.

Masamu ake si ovuta monga anthu amawaopera. Ndinajambula ma sample, n'kupanga covariance matrix ya 5 kwa 5 (tebulo loyerekeza zimene antena iliyonse yalandira ndi za inzake) mu Python. Pa ma eigenvalue asanu (manambala ochokera mu tebulolo osonyeza mphamvu), awiri anatuluka aakulu, atatu ang'onoang'ono: masiginolo awiri, otsalawo phokoso. Njira ya MUSIC, imene Ralph Schmidt anaiyambitsa mu 1979, imagwiritsa ntchito atatu a phokosowo kupeza mbali. Ma antena asanu malire ake ndi masiginolo anayi. Nditadziwa mbali, ndinasankha ma weight (manambala ochulukitsira siginolo ya antena iliyonse musanaziphatikize) ogonthetsa ma antena ku sensa imodzi, inayo n'kumveka bwino, kenako ndinatembenuza.

Pabwalo la nyumba zinkakana ndithu. Malata a madenga ndi mageti achitsulo amabweza funde ngati galasi, ndipo lobwezedwalo limafanana kwambiri ndi lenileni moti MUSIC imalephera kuwasiyanitsa. Spatial smoothing (kugawa mzere wa ma antena m'timagulu n'kutenga avareji) imathandizako, koma imakudyerani ma antena: pa asanu mumatsala ngati muli ndi atatu kapena anayi. Ine ndinakweza thabwalo pa mtengo wautali kupitirira denga, nsonga ziwiri zoloza mbali za masensawo n'kuoneka pa graph. Mzere wowongoka sutha kusiyanitsa kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye masensa onse ndinawasiya mbali imodzi ya thabwa.