Zikomo kwa inu amene mumayang'anira magazi a bambo athu

Bambo athu atuluka m'chipatala. Mtima wawo, womwe unayamba kugunda mosalongosoka, wabwerera m'chimake, ndipo ayambiranso kupita ku dayalisisi (kutsuka magazi ndi makina m'malo mwa impso) katatu pa mlungu monga kale. Pa banja tagwirizana kuti tithokoze poyera.

Choyamba tikuthokoza anamwino amene anaona msanga kuti kufooka kwa miyendo kuja sikunali kutopa wamba. Atayeza magazi, potaziyamu anali atapitirira 6, pomwe mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 3.5 ndi 5.0. Impso zikasiya kugwira ntchito, mchere umenewu umaunjikana, ndipo ukachuluka ungathe kuimitsa mtima mwadzidzidzi. Amayi anamwino, liwiro lanu lija ndi limene latisungira kholo.

Koma pali anthu ena amene odwala sawaona nkomwe, ndipo ndikufuna ndikhalitse pa iwowa. Pali bambo amene amayang'anira madzi a makina. Pa maola anayi amene wodwala amakhala pa makina, magazi ake amayandikana ndi madzi okwana malita 120 kapena kuposerapo, chowalekanitsa n'kachikopa kopyapyala ka m'sefa basi. Madziwo akakhala ndi aluminiyamu, amalowa m'thupi n'kuwononga mafupa, magazi ndi ubongo. M'zaka za m'ma 1970 odwala ambiri anasokonezeka mutu chifukwa cha zimenezi. Bambo inu, ntchito yanu ndi yachete, koma ife taidziwa.

A ku labu, inunso zikomo. Ndi inu amene mumatiuza za fosifolasi (mchere winanso wa m'magazi), yemwe akachuluka amagwirizana ndi kashiyamu n'kuumitsa mitsempha ya magazi mpaka mtima kumapopa movutikira. Kuchokera pa zotsatira zanu, adokotala anaonjezera ayironi kudzera m'makina momwemo, poti kuchepa kwa magazi kumagwiritsa mtima ntchito yopitirira muyezo mpaka kutupa. Mapiritsi omanga fosifolasi wa m'chakudya kuti asalowe m'magazi tsopano bambo amamwa pamodzi ndi chakudya, chifukwa m'mimba mopanda kanthu alibe chogwira.

Adokotala, munatipirira mafunso. Tinamva kuti anthu ambiri a pa dayalisisi amaperewera zinki ndi seleniyamu, komanso kuti ku Keshan, m'dziko la China, kusowa kwa seleniyamu kunadwalitsa anthu mtima. Mitima yathu inali dyokodyoko kuti tikagule mankhwala oonjezera michereyi. Munatikhazika pansi n'kutifotokozera kuti thupi limafuna timichere timeneti pang'ono zedi, ndipo munthu amene impso zake sizikutaya zotsala, chimene chimathandiza ena iye chingamupweteke. Munatichenjezanso za mankhwala ena a m'mimba okhala ndi magineziyamu, ndi mchere wogulitsidwa ngati wolowa m'malo mwa mchere wamba, umene nthawi zambiri umakhala potaziyamu. Dokotala wotere, wosatopa kufotokoza, ndimamulemekeza kwambiri.

Odwala anzawo a bambo, amene mumakhala nawo mipando yoyandikana, mauthenga anu ankawasangalatsa kuposa athu. Abale ndi anansi amene munkasinthana kugonera ku chipatala, kuperekeza ndi kupemphera, Mulungu akubwezereni. Amayi athu akuti ndikuuzeni kuti aliyense amuthokoza pamaso akangopumako, pakuti nawonso atopa.

Magazi akayezedwanso mwezi wamawa, ndipo tidzakudziwitsani mmene potaziyamu ndi fosifolasi zikuyendera.