Majezi Onunkha Usipa

Ine basketball sindinaisewerepo. Ringi yogoletseramo mpira imakhala pa mamita 3.05 kuchokera pansi, pomwe ine ndikaima pafupi ndi anyamata a timu yathu ndimawalekeza m'khwapa. Aatali ngati mitengo ya paini ya ku Chikangawa. Ndiye tsiku loyamba kochi atangondiona anati, "Aise, iwe uzisunga majezi." Sindinakane, chifukwa wosunga majezi amakwera nawo basi ya timu ndipo amadya nawo mpunga wa nkhuku.

Chaka chimenecho timu ya pakoleji pathu inali moto. Tinkakwapula aliyense, kuno ku Mzuzu ngakhale ku Lilongwe, mpaka tinafika mu fainolo. Ine ndinkayenda modzitukumula m'tauni ngati mapointi onsewo ndinkagoletsa ndine.

Fainolo inali Loweruka, mu Juni. Lachisanu masana ndinachapa majezi onse 12 n'kuwayanika pachingwe ku Chiputula komwe ndimachita lendi. Amene anakhalako ku Mzuzu mu Juni akudziwa: nkhungu, mvula yamawawa, dzuwa kungosuzumira n'kubwerera. Pofika 10 koloko usiku majezi anali chinyowere.

Ndinakagogoda kwa alandilodi. "Amama, ndithandizeni mbaula, ndafa ine." Iwo anati ndikayanike m'khitchini mwawo, makala akadali moto. Mumdimamo sindinaone kuti mwadzaza madengu a usipa wa ku Nkhata Bay omwe amagulitsa pamsika. Fungo ndinalimva ndithu, koma ndinati aa, litha. Ndinamanga chingwe, kutseka chitseko, n'kukagona.

M'mawa majezi anali atauma gwa. Koma fungo lake! Jezi ya kaputeni, yomwe inalendewera pafupi ndi moto, inali ndi chibowo pamsana choti mungapisemo chibakera. Ndinathira perefyumu botolo lonse, zinangoipiraipira: usipa wopita ku ukwati. Wakabaza amene ananditenga ankangotembenuka kundiyang'ana, ndipo agalu awiri anatiperekeza mpaka ku Katoto.

Kochi atatsegula chikwama anabwerera m'mbuyo. "Mwana iwe, wachapira nsomba?" Nthawi inali itatha kale, ndiye anyamata anavala akutukwana chapansipansi. Ine ndinakabisala kuseri kwa ndowa ya madzi.

Thukuta litayamba kutuluka, usipa unadzuka. Mnyamata amene ankatchinga kaputeni wathu ankati akayandikira n'kutembenuza nkhope, kaputeni n'kupeza mpata woponya ya mapointi atatu. Kawiri, katatu, osaphonya. Kota yachiwiri isanathe, ochemerera a timu inayo anayamba kukuwa kuti tabwera ndi mankhwala, ena n'kumaloza chibowo chija kuti ndi pamene asing'anga anatemera. Oimbira anafika ponunkhiza mpira, kenako n'kuyang'ana ku benchi kwathu. Ndinagwira ndowa mwamphamvu.

Tinapambana, chikho n'kubwera kwathu. Ndinkadikira mbama, koma anyamata anandinyamula m'mwamba n'kuyamba kunditchula kuti Asing'anga. Dzinali landikanirira mpaka lero, ngakhale mtsikana amene ndinkamufuna ku kwaya anasiya kuyankha mafoni anga atamva.

Kochi walamula kuti majezi azigona m'khitchini momwemo usiku uliwonse tisanasewere. Amama nawo nkhaniyi anaimva pamsika, ndiye dzulo andiuza kuti khitchini ili ndi lendi yakeyake, ndipo akufuna chithunzi atanyamula chikho.