Chemotherapy ikadzutsa asilikali a m'thupi

Mlungu uno m'kalasi tinali pa immunotherapy, njira yolimbana ndi khansa pogwiritsa ntchito chitetezo cha wodwala yemweyo. Maselo a T, amene kuchipatala timangowatchula kuti asilikali a m'thupi, ali ndi mabuleki awo, PD-1 ndi CTLA-4, owaletsa kuukira thupi lawo lomwe. Khansa imaponda mabulekiwa kuti isagwidwe. Mankhwala a pembrolizumab ndi nivolumab amamasula PD-1, ndipo ntchito yotulukira mabulekiwa ndi imene inapatsa James Allison ndi Tasuku Honjo mphoto ya Nobel mu 2018.

Koma odwala ambiri sathandizika ndi mankhwalawa paokha. Zotupa zina zimakhala zopanda asilikali m'kati mwake. Ndiye umasula buleki ya ndani?

Apa m'pamene chemotherapy inandidabwitsa. Tonse timaidziwa kuti imafooketsa: maselo oyera amatsika, wodwala n'kumagwidwa ndi kalikonse kodutsa. Komabe mankhwala a chemotherapy monga doxorubicin ndi oxaliplatin sapha selo ya khansa mwakachetechete. Selo ikamafa imatulutsira kunja puloteni ya calreticulin, yomwe imauza maselo a dendritic, akazitape a chitetezo cha thupi, kuti "ndimezeni". Imatayanso zizindikiro zina ziwiri: ATP yowaitana, ndi HMGB1 yowadzutsa. Iwo akameza zidutswa za khansayo amapita nazo kukasonyeza maselo a T kuti mdani ndi uyu. Ofufuza a ku France, Guido Kroemer ndi Laurence Zitvogel, ndiwo anaunikira kwambiri zimenezi. Chondisangalatsa n'chakuti cisplatin, m'bale wake weniweni wa oxaliplatin, sakankhira calreticulin kunja chimodzimodzi. Onse ndi mankhwala okhala ndi chitsulo cha platinum, onse amapha, koma kafedwe ka selo n'kosiyana, ndipo chitetezo chimaona kusiyanako.

Mankhwala ena, bevacizumab, amalowera kwina. Amatsekereza puloteni ya VEGF, imene imachititsa kuti mitsempha ya magazi ya m'chotupa imere yopotanapotana ndi yodontha. Ikawongokako, asilikali amapeza polowera. Mu 2020 kafukufuku wa IMbrave150 anasonyeza kuti kuphatikiza bevacizumab ndi atezolizumab, mankhwala enanso omasula mabuleki, kumatalikitsa moyo wa odwala khansa ya chiwindi kuposa sorafenib, mankhwala amene ankaperekedwa pa khansayi nthawiyo.

Pa khansa ya m'mapapo, kafukufuku wa KEYNOTE-189 wa 2018 anapeza kuti patatha chaka, pafupifupi 69 mwa odwala 100 olandira pembrolizumab pamodzi ndi chemotherapy anali moyo, pomwe kwa olandira chemotherapy yokha anali 49. Tisatengeke msanga: manambalawa akutiuza kuti kuphatikiza kumathandiza, osati kuti chemotherapy ndiyo inadzutsa chitetezo mwa aliyense. Mwina ena anathandizidwa ndi mankhwala amodzi, ena ndi enawo.

Wotikhudza kwambiri kuno ndi KEYNOTE-826 wa 2021, wa khansa ya khomo la chiberekero yomwe yafalikira kapena yabwereranso, khansa imene ikutha amayi ambiri m'Malawi muno. Anawonjezera pembrolizumab pa paclitaxel ndi cisplatin kapena carboplatin, ndipo amayiwo anakhala moyo nthawi yotalikirapo. Paclitaxel ndi cisplatin timawadziwa m'zipatala zathu zikuluzikulu. Pembrolizumab ndiye mtengo wake ndi woti banja wamba silingaufike.