Kuthokoza amene anapulumutsa nyumba ya Wentworth Woodhouse

Popeza nyumba ya maluwa ya Camellia House inatsegulidwanso mu 2024 itakhala bwinja kwa zaka zambiri, ife amene timathandiza mongodzipereka m'minda ya Wentworth Woodhouse, pafupi ndi Rotherham ku South Yorkshire m'dziko la England, taona kuti sikoyenera kukhala chete osathokoza.

Tikuthokoza bungwe la Wentworth Woodhouse Preservation Trust, lomwe linalimba mtima kugula nyumba yaikulu ya Wentworth Woodhouse mu 2017 pa mtengo wa mapaundi 7 miliyoni, pa nthawi imene denga linkadontha moti m'makonde munkakhala ndowa zotchera mvula. Nyumbayi si yaing'ono ayi: ili ndi zipinda zoposa 300, ndipo mbali yake ya kum'mawa, imene katswiri wa mapulani a nyumba Henry Flitcroft anathandiza kuilinganiza m'zaka za m'ma 1730, ndi yotalika mamita pafupifupi 185. Inali itavutikanso kale, chifukwa mu 1946 boma linalamula kuti akumbe malasha m'minda yake mpaka kufika pafupi ndi khomo.

Koma amene ndikufuna kuwathokoza kwambiri ndi amisiri a padenga, omwe ntchito yawo mlendo saiona akamadabwa ndi kukongola kwa chipinda cha Marble Saloon. Pogwiritsa ntchito mapaundi 7.6 miliyoni amene boma linapereka, iwo anayala denga lina longoyembekezera pamwamba pa nyumbayo, n'kumachotsa masileti osweka ndi mtovu wong'ambika m'mphepo yozizira ya ku Yorkshire, kufikira madzi analeka kulowa. Kunena zoona, akanapanda iwo, zokongoletsa za pulasitala za kusiling'i zikanagwa, ndipo ena tonsefe tikanasowa choonetsa alendo.

Tikuthokozanso bungwe la National Lottery Heritage Fund, lomwe linapereka gawo lalikulu la ndalama zokonzera Camellia House, komanso alimi a maluwa amene anateteza mitengo ya camellia pamene amisiri ankaika magalasi atsopano pamwamba pake. Ina mwa mitengoyi inabzalidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo inali itatulukira kunja kudzera m'denga losweka. Kwa ife ochokera ku Thyolo ndi ku Mulanje, n'zokondweretsa kuti mtengowu ndi wa banja limodzi ndi tiyi, ndipo m'nyumbamo masiku ano alendo amamweramo tiyi.

Ntchito yokonza makola akale a akavalo a pa malowa ikadalipo yambiri, choncho abale athu okhala ku Rotherham ndi ku Sheffield amene muli ndi tsiku lopuma, tikukupemphani kuti mudzatithandize.